Si Kunenepa, Ndi Kutupa

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi a kunyumba kwako. Nanga mwendo wa amayi, wasiya kuwawa? Kuno thupi lili bwino, koma mtima ukutentha ngati chiwaya.

Ntchito ndi yomwe ija, kuphikira okalamba panyumba yowasungira. Zala zasanduka za ng'ona ndi madzi otsukira mbale. Wotiyang'anira ndi katswiri wa zakudya, timam'tcha Mayi Sikelo chifukwa amayeza ngakhale supuni ya mafuta. Mbale iliyonse amafuna ikhale ndi chopatsa mphamvu monga mpunga kapena mbatata, chomanga thupi monga dzira, nyemba kapena nsomba, ndi timafuta pang'ono. Ndinkamuseka kuti ndi wovuta.

Sabata yatha alamu athu, akazi a achimwene, ananditumizira chithunzi cha mwana wanga, amene ndinawasiyira pobwera kuno. Analembapo kuti ndione mmene am'nenepetsera. Ine chitsiru ndinazungulira nacho khitchini yonse kunyadira masaya. Mayi Sikelo atachiona sanaseke. Anachikulitsa pafoni, nandionetsa tsitsi lofiira lothothoka ndi mapazi osefukira m'nsapato. Kenako anati, "Uku si kunenepa, ndi kutupa. Mwanayu akudya chiyani?"

Anandifotokozera kuti mpunga ndi buledi zimadzaza mimba ndi kupatsa mphamvu, koma mnofu ndi magazi zimamangidwa ndi zinthu ngati mazira, mkaka ndi nyemba, ndipo popanda mafuta zabwino zina za m'masamba zimangodutsa. Mwana angathe kukhuta tsiku lililonse uku thupi likutha.

Ndinaimba foni alamu atapita kumsika, ndipo mwana anandiuza zonse. M'mawa buledi ndi tiyi wopanda mkaka, masana mpunga wothira msuzi. Mazira a nkhuku zimene ndinasiya amadya achimwene ndi ana awo. Mkaka ndi mtedza zimene ndimatumiza amazitsekera m'kabati, kiyi ali m'chiuno. Awa ndi alamu omwe aja amene pagulu amakuwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pempho langa ndi limodzi. Ukalandira kalatayi, usadikire mawa. Katenge mwana, upite naye kuchipatala, ndipo pochokera kumeneko akakhale kwa iwe. Umudyetse monga anamwino akuuzire, osam'khutitsa nyama tsiku limodzi ayi. Alamu akafunsa, ungoti wam'sowa, ukufuna akacheze kwa iwe, usakangane nawo. Mkanganowo undisungire.

Ndapempha tchuthi mwezi wamawa. Ndikafika ndidzaitana abale onse, ndi akwawo kwa alamu omwe, ndipo ndidzaphika ndekha. Aliyense adzalandira mbale yokwanira. Alamu ndi achimwene ndidzawaikira mpunga ndi msuzi basi, chithunzi chija chikuyenda dzanja ndi dzanja, afotokoze okha pamaso pa anthu. Nkhuku ndidzatenga zonse, ndi zofungatira mazira zomwe. Usandiuze zokhululuka, amayi ayesa kale pafoni ndipo ndawakanira. Ine ndimayezera dzira agogo a eni ake m'mawa uliwonse, wanga akunyambita msuzi.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali ndi kwa amuna ako. Mwana umuuze kuti sanalakwe pondiuza. Alamu usawapatse moni, ndidzawapatsa ndekha.

Ndine mkulu wako,
Wa kukhitchini