Kaseti ya Bambo ndi Khadi la aChes

Brampton, Ontario
Febuluwale 1996

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji ndi kuzizira kumeneku? Mng'ono wanga Marina anandiuza pafoni kuti mukukanabe kugwira ndodo. Gwirani ndodo, Amayi, ku Ramea kulibe amene angakusekeni, anzanu onse akutsimphina. Ife kuno tili bwino, ndipo apongozi anu aChes akugwirabe ntchito kufakitale ya makatoni kuja.

Ndalemba chifukwa cha kaseti ya malemu bambo imene munandibwereka pa Khirisimasi. Ndikudziwa kuti mulibe ina, ndiponso ndinalumbira pakhomo panu kuti ndidzabweza ili bwinobwino. Khalani pansi ndikufotokozereni kuchokera pachiyambi, chifukwa ndikayambira kumapeto ndilemba mawu oti abusa sangakondwere nawo.

AChes anagula kompyuta yakale imene ankafuna kutaya kuofesi ya kuntchito kwawo. Inali yosatulutsa mawu, inkangolira kuti pii ikamayaka. Ndiye anakagula khadi la mawu, kanthu kobiriwira kolowetsa m'mimba mwa kompyutamo, akuti nyimbo ya bambo ikalowa mmenemo sidzathanso. Ine ndinati tiyambe takopera kasetiyo pa wailesi ya makaseti awiri ya aneba. Anakana. Akuti kukopera kaseti pa kaseti kumawononga mawu, n'zachikale. Akunena zimenezi munthu amene mpaka lero satha kutchera wotchi ya pa uvuni!

Vuto lake, monga ndalimvera ine, ndi ili. Chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta chili ndi nambala yake yoitanira, amati IRQ, ndipo ziwiri zikakhala pa nambala imodzi zimalimbana. Zili ngati foni yathu yakale ija ya waya umodzi mabanja angapo, inu mukulankhula ndi adokotala, azakhali a Myrtle nawonso anyamula. Nambalayo amasintha posuntha tizipewa tapulasitiki tokhala pakhadipo, tating'ono ngati njere ya mpunga. Zala za aChes mukuzidziwa, zinakulira kukoka maukonde.

Khadilo linabwera lili pa 5. Anajambula chiyambi cha nyimbo n'kuti timvere. Amayi, ndinamva mawu a bambo akubwereza kachidutswa kamodzimodzi, osapita patsogolo, osaleka, mpaka aChes anachita kuzula pulagi kukhoma. Ndinatuluka panja wopanda jekete ndipo ndinalira.

Anasunthira pa 7, purinta inafa, ine ndili ndi zolengeza za amayi akutchalitchi zoti ndisindikize. Anasunthira pa 3, mausi inauma gwa. Ndipo ulendo uliwonse ankatsegula bokosi, kusuntha kachipewa, kutseka, kuyatsa, n'kuliza kaseti ya bambo yomweyo, kenako kuibweza m'mbuyo. Tsiku ndi tsiku akaweruka, ntchito inali imeneyi.

"Bambo inu, yeserani kaseti ina," ndinatero. "Makaseti adzaza m'galimotomo."

"Verna, tandisiya, ulendo uno ndi womaliza."

"Nanga womaliza wa dzulo uja unathera kuti?"

"Ukandilankhulitsa ndisokoneza manambala."

Loweruka masana kunabwera mnzawo wa ku Burgeo uja, Garf Durnford, atanyamula mowa ndi nzeru zambiri. Kompyuta sanaikhudzepo chibadwire, koma anafika ndi chigamulo. "Achimwene, injini ikavuta umayamba waimenya," anatero, n'kumenya bokosilo m'mbali ndi chikhatho ngati ali m'boti. AChes anali atatsina kachipewa kaja ndi chozulira nsidze changa, ndiye kanagwera m'kati. Ndinangoima pakhomo ndikuyang'ana amuna awiri akuluakulu atagwada pansi ndi tochi, akulozana zala kuti wataya ndani.

Pofunafuna kachipewako ndiye anaona khadi lina pansi penipeni, lodzaza fumbi. Garf anafunsa kuti ichi n'cha ndani. Linali lolumikizira kompyutayo ku makompyuta ena a kuofesi, ndipo linali litakhala phee pa 5 nthawi yonseyi. Analizula, kachipewa kanapezeka, anabwezera khadi la mawu pa 5, zonse zinayenda, purinta ndi mausi zomwe. Garf akuuza aliyense kuti anakonza ndi iye ndi chikhatho chake.

Anajambula nyimbo yonse, akodiyoni ndi mawu a bambo, ndipo inamveka bwino moti ndinakhululuka zonse. Koma nyimbo itangotha aChes anaimitsa kujambula, akuti malo mu kompyuta ndi ochepa, zotsalazo ndi phokoso chabe. Atadina kuti abweze kaseti m'mbuyo, ndinamva kuti khwekhwerere. Tepi inali itatha mphamvu ndi kulizidwalizidwa, ndiye wailesi inaitafuna n'kuidula pamalo pomwepo.

Ndinaizinga ndi pensulo, ndinadula pofwanyikapo, n'kulumikiza ndi selotepi. Kaseti ikulira. Koma pamene ndadulapo ndi paja bambo amaika akodiyoni pansi, n'kuseka, n'kukuitanani kuti, "Effie, siya mbalezo, bwera ukhale pafupi ndi ine." Pamenepo palibe pa kaseti, ndipo mu kompyuta simunalowe.

Ndikudziwa kuti kasetiyo mumailiza chifukwa cha pamenepo. Pa Khirisimasi ndinakuonani mukungobwezera malo omwewo. AChes sankadziwa, iwo ankayesa kaseti ndi nyimbo basi. Ine ndinkaganiza kuti aliyense wa makutu akudziwa, koma ndaphunzira kuti mwamuna ameneyu amafunika kumuuza ngakhale kuti mvula imanyowetsa. Ndinawakalipira mpaka Garf anachoka osatsanzika, mowa wake n'kuusiya. Nditawauza mawu amene atayikawo, aChes anangokhala pampando, ndipo chakudya sanadye. Mkwiyo ndikadali nawo, koma chisoni chawo si chachiphamaso. Akufuna kukuimbirani foni okha, ndawauza kuti adikire kalatayi ifike kaye.

Pempho langa ndi limodzi. Maliro a bambo atatha, amalume a Eldred anabwereka kasetiyo kwa kanthawi ndithu. Mwina anakopera, chifukwa iwo aja amakopera chilichonse. Musawafunse pafoni, angoyankha kuti alibe kuti abwerere ku tulo. Mutume Marina apite yekha, akasanthule m'galimoto mwawo ndi m'shedi mosungira maukonde, amvere kaseti iliyonse ngakhale yolembedwa dzina lina. Ikapezeka asaitumize kuno. Nyumba ino sindikuikhulupiriranso.

Ndikutumiza makaseti awiri, yanu yakale ija ndi ina yatsopano imene takoperapo nyimbo kuchokera mu kompyuta. Pa yakaleyo nyimbo ikatha mudzamva kuti thi, kenako phokoso la mipando, anthu akubalalika. Chonde musakaimvere muli nokha ulendo woyamba, muitane Marina akhale nanu.

Mundiperekere moni kwa mng'ono wanga Marina ndi amuna ake, kwa azakhali a Myrtle, ndi kwa amalume a Eldred, koma iwo muwapatse moniwo akamaliza kufunafuna. AChes akupereka moni, mutu uli pansi. Pepani, Amayi. Ndinalonjeza kubweza yonse, ndipo ndikubweza yoperewera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Verna