Mizere Isanu Yopanda Dzina

Gulu: ulendo wa amayi @70
Alimo: Achimwene, Mzime, Amayi

LACHISANU

14:12 Achimwene: nde mwafika kapena basi yakutayani panjira?

14:13 Mzime: tafika achimwene. katauni kake kakang'ono koma kaukhondo. msewu waukulu umodzi, sitolo zamakonde, wotchi yaikulu pamphambano yomwe ikuti 9 koloko mpaka pano

14:13 Achimwene: lodge waiona? nyumba ya zaka 100 imeneyo. ndinasankha ndekha

14:14 Mzime: mwatiuza kale kasanu kkk

14:14 Mzime: [chithunzi: khonde lalitali, mizati yoyera, mipando iwiri]

14:22 Mzime: kma amayi andidabwitsa. taxi yatitsitsa pa geti. ine ndalowa pa reception, kucheuka iwo kulibe

14:23 Mzime: ndawapeza kuseri, aima pakhomo la kukhitchini chikwama chili m'manja

14:23 Achimwene: anasochera?

14:24 Mzime: wosochera amadziwa kuti kuseri kwa thanki kuli mpopi? asamba m'manja osafunsa munthu

14:26 Achimwene: atopa. six hours pa basi si masewera kwa munthu wa 70. paja anakulira chakomweko kwa azakhali awo aja, that's why ndinasankha tauni imeneyi. mwina ankadutsapo

14:26 Mzime: mwina

14:27 Achimwene: iwe, paja amayi ali mu group muno

14:27 Mzime: musavutike. ahedi opuma sawerenga ma group, amati timalemba ngati papalasa nkhuku. data inawathera chaka chatha

14:29 Achimwene: ok. program ya mawa: 9 tour ya nyumbayo, 11 museum ya kusiteshoni yakale, masana mlatho wachitsulo. osasintha

14:29 Mzime: chabwino bwana

17:40 Mzime: room mwatipatsayi ndi yaikulu ngati kalasi. bedi lake lamizati. amayi akana kukhalapo, ali pampando wapakona chikwama pamiyendo ngati akudikira dokotala

17:43 Achimwene: auze kuti ndi master bedroom, mmene ankagona eni nyumba enieniwo

17:44 Mzime: ndawauza. ati "ndikudziwa"

17:44 Achimwene: ??

17:51 Mzime: nanenso sindikudziwa. tikupita kukadya

LOWERUKA

07:05 Mzime: mwadzuka bwnj. ine podzuka ndapeza ayala kale bedi, makona ake ngati envelopu. mayi wokonza m'zipinda wabwera wasowa pogwira

07:20 Achimwene: kkk ahedi ndi ahedi basi

09:48 Mzime: achimwene muli pa meeting?

09:49 Mzime: plz mukaona muyankhe

09:56 Mzime: [uthenga wa mawu, 1:14] achimwene, ndatuluka panja kuti ndilankhule bwino. pa tour tinalipo anthu eyiti, wotionetsa ndi amanijala eni ake, mayi waulemu wake. akuti nyumbayi inali ya dokotala wa tauni ino kalekale. ndiye tafika kuchipinda cha ana. pa felemu ya chitseko pali mizere ya pensulo, ija yoyezera msinkhu, anaitchinga ndi galasi. ana atatu, aliyense dzina lake ndi chaka. koma chapambali pali mizere ina isanu, chaka chilipo, dzina palibe. kakhadi kali pakhomapo kakuti ameneyo anali mwana wa adokotala amene anamwalira akadali mtsikana, makolo n'kufufuta dzina chifukwa cha chisoni. mzimayi wina mpaka misozi mbwembwembwe. amayi avala magalasi, awerenga kakhadiko mpaka pansi, kenako chapansipansi ati, sanamwalire. ndamva ndine ndekha. basi atuluka

10:31 Achimwene: sorry ndinali kwa abwana. ndamvera kawiri. iwo akudziwa bwanji?

10:32 Mzime: [chithunzi: felemu ya chitseko, mizere ya pensulo]

10:32 Mzime: onani zaka zalembedwazo. nde muwerengere ndi chaka chimene amayi anabadwa

10:37 Achimwene: 10 mpaka 14

10:37 Achimwene: ayi iwe

10:40 Mzime: ndawapeza kumaluwa ndawafunsa. ati "ndinkagwira ntchito muno, ndinkalera mwana wamng'onoyo. kwa azakhali ndinapita pambuyo pake." kenako andifunsa ngati ku museum atsegula

10:41 [Achimwene aimba foni, sinayankhidwe]

10:41 Mzime: musaimbe ali pafupi

10:43 Achimwene: ndawagoneka pabedi lomwe ankayalira anthu. pa birthday yawo. ine amene

10:44 Achimwene: longedza katundu. ndikupezerani lodge ina, apo ayi mukwere basi ya 2 koloko

10:44 Mzime: sanapemphe zochoka

10:45 Achimwene: chibadwire chako unawamvapo amayi akupempha kanthu?

12:18 Mzime: tili ku museum. muli nyali zakale za njanji, matikiti a makatoni, sikelo yaikulu ya katundu. ati ankatumidwa kuno kudzatenga mabokosi a mankhwala, ankadziyeza pasikelopo akaona kuti palibe munthu

12:21 Mzime: bambo wa museum anati sitima ya katundu inkafika lachiwiri. amayi ati lachitatu. bamboyo wakatsegula buku lake, wabwera akukanda mutu. ndi lachitatu kkkk

12:22 Mzime: achimwene chimwalirire abambo sindinawamve akulankhula chonchi

12:30 Achimwene: nde ali bho?

12:31 Mzime: sindinganene kuti bho. kma sakulira. ati tikabwerera akufuna aonane ndi amanijala za kakhadi kaja

12:31 Achimwene: ayi. aletse

12:32 Mzime: chfkw?

12:36 Achimwene: alendo amajambula zimenezo n'kuponya pa net. ana onse anawaphunzitsa aja, akumpingo, apongozi anga. ahedi athunthu azikalozedwa chala kuti anali mtsikana wantchito? abisa zaka 60, anali ndi chifukwa chake. kakhadi ka pakhoma sikaluma munthu

12:37 Mzime: mukuteteza iwo kapena inuyo?

14:40 Mzime: tili pamlatho. kamphepo kabwino, pansi madzi ochepa. amayi agula malalanje, adya awiri, nthangala akuponya mumtsinje ngati mwana

14:41 Mzime: pepani ndinalankhula mothamanga paja

15:30 Mzime: achimwene

16:14 Amayi: Ndawerenga zonse kuyambira dzulo. Mlongo wakoyu anandilumikizira intaneti ya pano dzulo madzulo, n'kuiwala.

16:14 Mzime: mayo ine 🙈

16:15 Amayi: Kalembedwe kanu n'komvetsa chisoni, koma zimenezo tidzakamba tsiku lina. Wachisamba wanga, tamvera.

16:21 Amayi: [uthenga wa mawu, 2:36] Mwana wanga, usadziimbe mlandu. Sunadziwe, ndipo sunadziwe chifukwa ine sindinakuuze. Ndinabwera muno ndili ndi zaka khumi, bambo anga atamwalira, ana titatsala asanu ndi awiri pakhomo. Ntchito yanga inali kubereka mwana, kuchapa matewera, kupukuta nsapato. Chaka chikayamba adokotala ankaimika ana awo pachitseko paja, buku pamutu, n'kulemba mzere. Ine ndinkaonerera mwana ali kumbuyo. Mtsikana wawo wamkulu, tinali a msinkhu umodzi, ndi amene anati, nayenso muyezeni. Anandiyeza. Adona anati dzina lokha ayi, chitsekochi n'cha banja. Ndiye palibe amene anafufuta kanthu, silinalembedwe n'komwe. Mtsikana uja masamu ankamuzunguza mutu. Iye ankandiphunzitsa kuwerenga, ine ndinkamuchitira masamu pakhonde lakuseri. Aphunzitsi ake anadabwa kuti mwana wakhoza bwanji mwadzidzidzi, anabwera kudzafunsa. Tsiku lomwelo adona anandimangira kamtolo kanga. Aphunzitsi aja anandipeza pasiteshoni ndikulira, ananditengera kwawo, n'kundilembetsa sukulu. Azakhali ndinkakuuzani aja ndi amenewo, sitinali pachibale. Bambo ako ndinawauza tisanakwatirane, anangoti nanga zili ndi chiyani. Inu ndinkati ndidzakuuzani mukadzakula. Mwakula, mwabereka, ine ndikadazengereza.

16:24 Amayi: Manyazi ndinali nawo, sindikana. Koma lero anthu alira maliro anga ine nditaima pomwepo. Zimenezo zandiwawa kuposa manyazi.

16:33 Achimwene: pepani amayi

16:34 Achimwene: ndimaopa kuti anthu ayamba kukuderani pansi

16:35 Amayi: Iweyo wayamba?

16:39 Achimwene: ayi amayi

16:44 Amayi: Ndiye bwino. Amanijala ndalankhula nawo kale. Poyamba amakayikira, ndiye ndawauza asunthe kabati ya kukhitchini aone pamene panali belu loitanira antchito. Waya wake akadalipo. Agwira pakamwa. Akuti nkhani ya mwana womwalirayo anangoiganizira amene anagula nyumbayi, alendo n'kuikonda.

16:45 Mzime: kakhadi achotsa ine ndikuona. patsala kamsomali kokha

16:49 Amayi: Amanijala akufuna mawu atsopano a pakakhadi mawa tisananyamuke, 10 koloko. Ulembe ndiwe. Ndiwe woyamba kubadwa, ndiponso ndiwe wandibweretsa kuno. Ukaona kuti zikukulemera, undiuze, pakhomapo pakhala popanda kanthu. Sindikukakamiza.

18:05 Mzime: achimwene mwaona?

LAMULUNGU

07:32 Mzime: mwadzuka bwnj. agona tulo tofa nato, ndachita kuwadzutsa. pano akumwa tiyi pakhonde, akudandaula kuti wapyapyala

08:12 Mzime: apempha kuti akaimenso pachitseko paja. amanijala abweretsa buku loika pamutu

08:13 Mzime: [chithunzi: amayi ataima chilili pa felemu, nsapato atavula]

08:13 Mzime: afupika ndi zala ziwiri pa mzere womaliza uja. aseka mpaka kutsokomola. ati ana asukulu anawadyera msinkhu

08:51 Mzime: amanijala abwera ndi kakhadi katsopano ndi peni. ati adikira

09:15 Mzime: taxi ikubwera 10. ndikuona kuti mukuwerenga achimwene

09:16 Mzime: amayi angokhala pampando wa pa reception, foni ili m'manja

09:33 Achimwene: ndalemba kangapo ndikufufuta. ndinayamba ndi maudindo awo onse, sizimamveka

09:36 Achimwene: Mizere isanu iyi ndi ya mtsikana amene ankagwira ntchito m'nyumba muno kuyambira ali ndi zaka khumi. Ankalera mwana, kuchapa ndi kupukuta nsapato. Dzina lake silinafufutidwe, silinalembedwe n'komwe. Sanamwalire. Anakula n'kuphunzitsa ana zaka 38. Ndi amayi anga.

09:37 Achimwene: dzina alembe okha m'munsimo, ndi dzanja lawo

09:40 Mzime: awerenga kawiri. avula magalasi

09:43 Amayi: Wakhoza, mwana wanga.

09:44 Mzime: apempha peni