Bondo Langa Lapeka Kavinidwe

Loweruka, dzuwa la Okutobala lowotcha

Thupi latopa koma mtima uli mbee. Tinakavina chimtali pa ukwati ku Nachisaka. M'mawa mpongozi wanga anati, "Amayi, bondo lanulo likakuchititsani manyazi, asiyireni atsikana azitsogolera." Ine ndinangomanga chitenje m'chiuno.

Gulu lathu silipangana kavinidwe. Wotsogolera akatembenuza chiuno, onse amatsata pomwepo. Ng'oma itakolera, bondo lija linandigwira, mpaka ndinagwada mwendo umodzi. Kucheuka, amayi onse agwadanso! Nthungululu bwalo lonse. Ndinadzuka pang'onopang'ono ndikudukula, iwonso chimodzimodzi.

Pobwerera, Esinati wa m'gulu mwathu anandifunsa, "Anaphiri, kogwada kaja munakabisa kuti zaka zonsezi?" Ndinati n'kakale. Nanga si ndi mmene timapezera mavinidwe ife? Kodumpha kaja atsikana amakanyadira kanabwera ndi malemu Nabanda, amene tinayamba nawo gululi, linthumbu litawalowa m'chitenje pabwalo ku Madisi. Anawa amayesa n'ka makolo.

Mpongozi wanditenthetsera madzi othowera bondo. Loweruka likubwerali tikavina ku Ntchisi, wotsogolera ndine ndemwe. Kugwada ndikagwada ndithu. Koma kudzukako...