Tcheniso Imene Inkangozima ku Brackenfell

Nyanga, Cape Town
21 Julaye

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko ku Chongoni? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu ndi mvula zatipanikiza, mphepo yake yochita kuzula mitengo ndi mizu yomwe.

Bambo, khalani pansi. Nkhani ndabwera nayoyi ndi ya Ellina, mwana wanu amene munati dzina lake lisamvekenso pakhomo chisiyireni banja kwa a Julius n'kubwera kuno. Ndalemba kalata chifukwa ndikudziwa kuti pafoni mukanadula.

Ndiyambe ndi kuulula. Zija ndinkakuuzani kuti sindimuona, ndinkanama. Timaonana, ndipo maganyu ambiri amene ndimagwira amandipezera ndi iyeyo.

Sabata yatha mphepo inagwetsa bulugamu wamkulu pabwalo la adona amene Ellina amawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Brackenfell. Iye anawauza kuti ali ndi achimwene ake, mwana wa mmisiri wa matcheniso. Ndinakabwereka tcheniso kwa a Abubakar ku Gugulethu, m'mawa mwake ulendo.

Mumandidziwa ine ndi matama anga. Ndisanailize n'komwe, ndinati kabuleta iyi anatchuna ndi anthu osadziwa kanthu. Ndinatseka kasikuluwu ka petulo kaja, kenako n'kukatsegula ndendende monga munkandiwerengera kushedi kwanu, osapitirira ngakhale pang'ono.

Nditakoka chingwe inalira. Ndikaipatsa moto inkakuwa ndithu, koma ndikangochotsa chala, zii, yazima. Ndinamasula pulagi n'kupukuta. Sefa ya mpweya ndinaitsuka. Petulo ndinakhuthula n'kusakaniza wina ndi oyilo. Chimodzimodzi! Nditapotoza kasikuluwu kena kaja kuti izilira yokha osazima, tcheni inayamba kuthamanga popanda woituma, pang'onong'ono ndidzicheke bondo. Adona ali pawindo, manja m'chiuno. Ine thukuta kamukamu m'chisanu chonse chija.

Apo Ellina anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni. Anandiuza kuti ndiilizenso. Ndinamukalipira kuti abwerere ku mbale zake, izi si za akazi. Komabe ndinailiza. Anangoima, n'kupendeketsa mutu kumanzere, diso limodzi atatsinzina.

Bambo, tsitsi linandiimirira. Ndinaona inuyo, mutavala epuloni, pabwalo la eni ake ku Joni.

Itazimanso, anati makinawa ali ndi njala. Anandilanda sikuludiraiva, n'kugwada pa udzu wonyowa, n'kundilamula kuti ndikoke chingwe. Anatsegula kasikuluwu ka petulo pang'ono zedi, ngati munthu wothira mchere m'ndiwo za alendo. Anamvetsera. Anawonjezera kachiwiri. Kenako anabweza kena kaja mpaka tcheni inaima duu, koma injini ikugundabe, du-du-du-du, mofatsa. Anaigoneka cham'mbali, sinazime. Anailozetsa pansi, sinazime. Mayeso anu aja onse, mwa ndondomeko yake, ndipo ine theka lake ndinali nditaiwala.

Ndinangoti kukamwa yasa. Nditamufunsa chimene ndinalakwitsa, anaseka, ati achimwene mwabwera ndi Dedza m'thumba. Anati kwathu ndi kuphiri, mpweya ndi wopepuka, ndiye makina amafuna petulo wochepa. Kuno tili m'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweya ndi wolemera, ndipo muyeso wa ku Chongoni umawamana chakudya.

Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa zimenezi. Ati ndinu. Tsiku lina munkafotokozera bambo wina amene anabweretsa tcheniso kuchokera kuchigwa ku Golomoti, iye ali kuseri kwa shedi akutsuka mapoto, chifukwa mkati munkamuthamangitsa. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ati zaka zonse zija ankamva makina alionse amene ankabwera, ndipo ankayesa kulota matenda ake inu musanatchule.

Anawonjezera mawu amene anandibaya. Ati inu simunawerengepo kasikuluwu chibadwire, mumangomvera kulira. Ine munandipatsa chiwerengero chifukwa munaona kuti khutu ndilibe. Ndinafuna kukwiya, koma abale, ukwiyira chiyani choonadi?

Bulugamu uja ndinamudula yense dzuwa lisanapendeke, tcheniso osazima ndi kamodzi komwe. Adona anachita kutuluka ndi tiyi, akumuyang'ana Ellina ngati akumuona koyamba. A Abubakar nditawabwezera tcheniso yawo anailiza, n'kundifunsa kuti mmisiri wake ndani. Ndinawauza zoona.

Ine zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhala pambali panu, sipanala ili m'manja, koma ndinatolapo makoko okha. Luso lanu lonse lili mwa mwana amene munamukana. Mpaka lero ndikaganiza ndimachita mantha ndi mmene Mulungu amagawira zinthu.

Za ku banja kwake sindikuweruzani. Koma inunso munamuona tsiku lija atabwera ndi diso lotupa, ankhoswe n'kumubweza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Bambo. Sanathawe inu.

Ndikukupemphani, ndagwira mwendo wanu, muimbireni foni. Nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Lamlungu masana sagwira ntchito. Ngati mawu akusowani, mufunseni za tcheniso, enawo abwera okha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali a Doris, ndi kwa Ulemu ndi ana ake. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu.

Nditamuuza Ellina kuti ndikulemba, ndinamufunsa ngati ndiikemo moni wake. Anati ndisaike, akuopa kuti mungaubweze.

Ndine mwana wanu,
Layton