Mazira a Pathanthwe la Tyulenovo

9 Malichi

Mphepo yakumpoto. Zala zouma, kamera kuzizira ngati mwala. Mphipi zafungatira kale, zisa khumi ndi zinayi m'phanga la thanthwe la m'mphepete mwa nyanja. Maola atatu nditagona chafufumimba. Chithunzi chabwino chimodzi chokha.

Pobwerera ndakumana ndi Dobrin, mwamuna wa mng'ono wanga Milka. Munthu amene ndinam'phunzitsa ndekha kugwira kamera. Wagula kandege kojambula. Akuti, "Alamu, mukukwawabe ngati buluzi? Dziko linapita patsogolo." Ndinangomudutsa.

14 Malichi

Chitsiru chija chaulutsa kandege kake pakamwa penipeni pa phanga. Mphipi zonse balala! Mbalame zina zoyera za kunyanja, zakuba, nthawi yomweyo pa mazira. Zisa zisanu ndi zinayi zatha ine ndikuona. Ndajambula zonse, nkhope yakenso, akuseka.

Sindinadye. Banitsa, chitumbuwa chimene Milka anandiphikira, ndapatsa galu.

2 Epulo

Chithunzi cha Dobrin chapambana mpikisano mumzinda wa Varna. Mphipi zili m'mwamba, dzuwa kumbuyo. Oweruza akuti "ufulu wa mbalame". Ufulu! Zinali kuthawa.

Phwando kwa Milka. Rakiya, kachasu wa kuno, nsomba zokazinga, phokoso. Dobrin kukweza tambula: "Kwa aphunzitsi anga a Vesela, zaka makumi awiri akujambula matako a mbalame!" Anthu kuseka. Ndinamuuza kuti ndili ndi zithunzi za pa 14 Malichi. Anatsamwa. Ndinakondwa.

3 Epulo

Milka wabwera m'mawa, maso ofiira. "Achemwali, mukatumiza zithunzizo kwa oweruza am'chotsa m'bungwe la ojambula. Munthuyu wasiya kumwa m'mawa chifukwa cha kamera yomweyi. Mumupha." Ndati mazira aja anaphedwa ndi ndani. Wachoka osatseka chitseko.

6 Epulo

Kalata ya kwa oweruza ndalemba. Ndatsegula zithunzi kuti ndisankhe umboni. Zilipo makumi asanu ndi limodzi. Choyamba ndi chomaliza zasiyana mphindi zisanu ndi ziwiri. Dobrin anali pafupi, poti akanandimva. Mphindi zonsezo sindinakuwe, sindinaponye ngakhale mwala. Ndinkasintha kuwala pa kamera.

Pali chimodzi: mbalame yoyera, dzira losweka kukamwa, mayi mphipi akubwerera mochedwa, mapiko tambalale. Zaka makumi awiri sindinajambulepo chokongola chotere.

Ndikatumiza, oweruza adzafunsa kuti ine ndinali kuti. Kalata ili pathebulo. Chithunzicho ndachitsegulanso, kachisanu lero.