Envulopu ya Achimwene Imene Sindinapereke

Lisungwi, Neno
18 Ogasiti, 2024

Okondedwa achimwene a Sosten,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti bondo la mayi lija limavutabe kukazizira. Kalatayi ndi phukusi ndapatsira a Nasiru, amene akubwerera kumeneko Lachinayi. Ndikanatha kukuimbirani foni, koma ndayesa kawiri, ndipo kawiri konse ndinangothera pa nkhani ya feteleza.

Loweruka lapitali tinali ku Matandani pa ukwati wa Yunike, mwana wa amalume. Chakumasana, woika nyimbo anaika yanu ija, Fumbi la ku Matandani. Akuti imangoyenda m'mafoni a anthu mpaka lero. Achimwene, anthu anasiya mbale n'kulowa m'bwalo. Gitala uja atangolira ndinakuonani m'maganizo mutakhala pa thumba la mbatata kuseri kwa nyumba, mukubwereza mzere umodzi mpaka mayi kukuthamangitsani. Palibe nyimbo ina imene ndimaikonda ngati imeneyi. Ndimaimvera ndili ndekha ndikamachonga makope a ana, ngakhale pali malo amodzi amene ndimadumpha nthawi zonse.

A Binwell, anzanu aja, anandipeza nditakhala pa benchi. Anati, "Kathumba, wakhaliranji? Si iwe ukutchulidwa umu? Kapena digiri imaletsa kuvina?" Kenako anatembenukira kwa mayi n'kunena kuti, "Oweruza mpikisano a ku Blantyre aja makutu anawaiwala kunyumba, eti amayi?"

Mayi anayankha kuti, "Asiyeni, ine ndinawakhululukira kale. Koma wailesi yawoyo sinditsegula."

Ndinaseka nawo. Chimenechi n'chimene chandilembetsa kalatayi.

Mukukumbukira chaka cha 2016, wailesi ija italengeza mpikisano wa oimba atsopano. Munandiperekeza pa siteji ya minibasi, n'kundipatsa envulopu muli fomu ndi fulashi ya nyimbo yanu ija. Munati, "Iwe ndiye wodziwa maofesi, ukaipereke pamanja." Ndinalonjeza.

Nditafika ku yunivesite ndinawaikira nyimboyo anzanga a m'chipinda, kuchokera pa foni. Ndinkanyadira. Iwonso ankagwedeza mitu, wina mpaka kuimba mluzu. Kenako panafika pamene mumapereka moni kwa anthu, monga achitira oimba onse kwathu kuno. Munatchula mayi, munatchula a Binwell, basi n'kufuula kuti, "Moni kwa mng'ono wanga Kathumba ku yunivesite, wosenza mbatata kutsika phiri wopanda nsapato!"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anati, "Kodi ndiwe Kathumba? Suja unkati kwanu ndi pa boma ku Mwanza?" Inde, ndinali nditawauza choncho. Sankaseka mwankhanza, ndipo pakutha pa sabata anali ataiwala. Ine ndiye sindinaiwale.

Tsiku lomaliza kulandira nyimbo ndinapita ndithu ku wailesiko. Mlonda wa pageti anandilozera bokosi, nati, "Ponyani umo, bwana." Envulopu inali m'manja. Ndinaganiza za dziko lonse likumva dzina lija m'mawa ndi madzulo, aphunzitsi anga, atsikana a m'kalasi mwathu. Ndinauza mlondayo kuti ndaiwala kanthu, ndibweranso. Sindinabwerere.

Mayi anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lotchula nyimbo makumi awiri zosankhidwa, pakhonde pathu panadzaza anthu, ndipo inu munali mutagula mabatire atsopano. Madzulo ake munandiimbira foni. Simunadandaule, munangoti, "Mwina sinafike pa mlingo wake." Ine ndinayankha kuti mpikisano unali wovuta chaka chimenecho. Mawu amenewa ndimawamvabe m'kamwa mwanga. Chaka chisanathe munagulitsa gitala, ndipo chotsatira munakwera basi ya ku Joni.

Sindikudziwa ngati ikanapambana. Nthawi zina ndimadzitonthoza kuti mwina ikanagwa ndithu, koma zimenezo sizanga kunena. Oweruza amene mudzi wonse wakhala ukuwatukwana zaka zisanu ndi zitatu sanaimve nyimbo yanu. Anaiweruza ndine, pageti.

Pa ukwati paja panalibe choti n'kudumpha. Moni uja unamveka pa zokuzira mawu, anthu anandiloza akuseka, ndipo ndinamva mawu otsatira, amene ndakhala ndikuwathawa: "Pita, ukatiimirire." Ndinanyamuka n'kukaima kuseri kwa tchalitchi mpaka nyimbo inatha.

Mukatsegula phukusili mupeza envulopu ija. Ndi yomatabe, ndipo dzina la wailesi lili pamwamba m'zilembo zanu. Yasamuka nane nyumba zinayi. Sindikupempha kuti mundiyankhe msanga, kapena kuti mundiyankhe n'komwe. Ndimangofuna mudziwe kuti palibe katswiri amene anamva mawu anu n'kuwakana. Ngati munasiya kuimba chifukwa cha chigamulo chimenecho, chigamulocho kunalibe.

Lamlungu likubwerali ndipita kukawauza mayi, kenako a Binwell. Ndikuopa mayi kuposa inu, chifukwa adzangondifunsa ngati ndadya.

Mundiperekere moni kwa alamu a Chrissy. Kwa Tawonga, muuzeni kuti bambo ake aang'ono amamva kuti amaimba kwaya kusukulu, ndipo mawuwo sanawatole pamsewu. Ngati simunamuimbirepo Fumbi la ku Matandani, chonde muimbireni yonse, osadumpha paliponse. Mayi akuti muvale zofunda, amva kuti kumeneko kukuzizira. Amalume akuthokoza chifukwa cha suti ya mkwati imene munatumiza.

Kusukulu kuno amanditchula kuti a Tikondane, ndipo makalata onse ndimasaina choncho. Ino yokha ndisaina dzina limene munandipatsa, ngati mungalolebe kuti ndilitenge.

Ndine mng'ono wanu,
Kathumba