Dzanja lodyera la Zeka

Amayi, kodi kumeneko zikuyenda bwanji? Ife kuno ku Degue, pafupi ndi Tete, tilipo, dzuwa likutiwotcha monga munalisiyira.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Ndinabereka mwana wamkazi mvula itangoyamba. Tamupatsa dzina lanu, ndipo kukalipa watengeranso inu. Mtengo wa masau uja wabereka mpaka nthambi ina kuthyoka. Chotivuta ndi fumbi basi: magalimoto a malasha ochokera ku Moatize sakupuma, ndipo zovala ukayanika zoyera umakazianula zotuwa.

Tsopano khalani pansi, ndikuuzeni za mwana wanu Zeka, mlongo wanga uja munkati anabadwa ndi moto m'mapazi. Munamusiya akunyamula anthu pa njinga yamoto. Kenaka analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ya malasha. Bwana wake, munthu wokonda mipikisano, ataona mmene amakhotera pa msewu wafumbi osathyola ngakhale kamtengo, anamupatsa galimoto yothamanga kuti akapikisane ndi akatswiri a ku Beira ndi ku Maputo.

Mpikisano wake ndi wa m'tchire, Amayi. Amakhala awiri m'galimoto: wina kuyendetsa, wina kumuuza kokhotera, chifukwa pa liwiro limenelo maso amachedwa. Anamupatsa mnyamata wophunzira, wolankhula Chipwitikizi chosalala. Koma inu mukumudziwa Zeka. Chibadwireni sanasiyanitsepo kumanja ndi kumanzere, nanga m'Chipwitikizi angathe? Mnzakeyo akakuwa "esikerda", ndiko kuti kumanzere, Zeka amayamba waganiza, kenaka n'kukhotera ku "direita", kumanja. Ulendo woyamba anakathera m'dzenje. Wachiwiri anagwetsa khola la mbuzi za eni ake, ndipo dera lonse la Canongola linaseka mwezi wathunthu. Bwana anamuuza mosabisa kuti akalepheranso kachitatu, galimotoyo aipereka kwa wina, iye abwerere ku malasha.

Zeka anasiya kudya. Tsiku lina ndinamuikira chakudya, iye n'kutambasula dzanja lamanzere, maganizo ali kutali. Pakamwa panga panatuluka mawu anu aja: "Iwe, kodyera!" Dzanja lamanja linalumpha lokha asanaganize n'komwe. Tinayang'anizana.

Mukukumbukira, Amayi, tili ku Malawi nthawi ya nkhondo? Munkang'amba kansanza n'kumumanga pa mkono wamanzere kuti asamadyere dzanjalo pamaso pa alendo. Mukamutuma munkangoti, "Ukafika pamjigo ukhotere kunsanza," kapena "ukhotere kodyera," ndipo sankasochera. Ndinatsegula sutikesi yanu, n'kung'amba kansanza m'mphepete mwa kapulana yanu, chitenje chabuluu chija, n'kumumanga Zeka pa mkono wamanzere. Mundikhululukire, ndinang'amba pang'ono chabe.

Mnyamata wophunzira uja anakana, akuti iye sangamakuwe zakumudzi. Ndiye pampandopo ndinakhala ine, Lusiya wanu, amene ndimatsinzina powoloka mlatho wa Zambezi! Mwana ndinasiyira apongozi, n'kuvala chisoti kumutu. Njira tinali titaiyendera dzulo lake, ndipo ndinaisunga monga ndimasungira njira ya kumsika.

Atatilola kunyamuka, mantha anatsala pomwepo. "Kunsanza! Kodyera! Kodyera kwambiri! Kunsanza, pali mwala!" Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Zeka sanaphonye ngakhale pamodzi. Galimotoyo inkamumvera ngati mwendo wake. Tinadutsa pakati pa milambe, tinawoloka mchenga wa mtsinje wouma, ndipo katswiri wa ku Beira amene ananyamuka ife tisananyamuke tinamupeza, n'kumusiya akudya fumbi lathu. Amayi, tinapambana! Mwana wanu uja ankatchedwa wogwetsa makola anaposa onse. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Koma imvani izi. Mkulu wa mpikisano akumupatsa chikho, anthu ali pikitipikiti, Zeka anatambasula dzanja liti? Lansanza! Ndinaiwala kuti ndili pagulu. "Iwe, kodyera!" Anasintha msanga, n'kugwirizira ndi linalo, n'kuwerama monga munatiphunzitsira. Anthu anayesa ndi mfuu yachipambano, nawonso anayamba kukuwa, "Kodyera! Kodyera!" Ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Lero mawuwo alembedwa pa chitseko cha galimoto ndi zilembo zikuluzikulu. Wapambananso kawiri chichokereni tsikulo, ndipo mwezi wa mawa atiitana ku Maputo. Ana a mu Degue akamathamangitsa matayala awo akumakuwa mawu anu. Inu amene simunakwerepo galimoto yothamanga kuposa basi, ndinu mukuyendetsa katswiri wa Tete.

Ndikudziwa mukuda nkhawa, paja munkati, "Lusiya, mlongo wakoyu usamamusiye yekha panjira." Sindinamusiye, Amayi, ndikukhala pambali pake penipeni. Tikabwera kudzalambula pamanda tidzabweretsa chikhocho kuti muchione, ndipo ndidzaonetsetsa kuti wakupatsirani ndi dzanja loyenera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya